Mayi Toyoko Kamijo ndi Mipeni Imene Inanoledwa M'mawa

Malemu amene tawazungulira pano, Mayi Toyoko Kamijo, anabadwa pa 9 Febuluwale 1946 kuno ku Suwa, m'nyumba ya kuseri kwa chipala chosulira zitsulo cha bambo awo, a Rinzo Miyasaka. Mayi awo anali a Matsue. M'banjamo munabadwa ana awiri okha, a Motoharu amene ndi aakulu ndi zaka zisanu, kenaka malemuwa. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Yasuo Kamijo, mng'ono wawo wa amuna a malemu. Ndinagwira ntchito ya sitima zaka 38, choncho masiku ndi maola amene mumve pano ndawafufuza, ndipo pamene sindikudziwa ndinena kuti sindikudziwa.

Ndisanapitirire, ndipemphe amene mwakhala pafupi ndi khomo kuti mutsegule zitseko zonse ziwiri. Ndikudziwa kuti kukuzizira. A Motoharu afika kale m'mawa koma akana kulowa. Aima pabwalo pafupi ndi mtengo wa paini, ndipo makutu awo si a kale. Iwo ndi mlongo wawoyu sanalandizane kanthu m'manja kwa zaka 56. Ambiri muno nkhaniyi mukuidziwa, ndipo mwakhala mukuikamba m'makhitchini mwanu. Banja lagwirizana kuti lero inenedwe poyera, chifukwa bokosili silitsekedwa mpaka a Motoharu atalowa.

Malemu anayamba kuponda pa ayezi m'nyengo yozizira ya 1950, ali ndi zaka zinayi, nyanja yathuyi ikadaundana mokwanira kunyamula sukulu yonse. Bambo awo ankasula mipeni yotsetserekera pa ayezi, yomangirira kunsi kwa nkhwayira zamatabwa, ndipo theka la ana a tauni ino linkathamangira pa zitsulo za a Rinzo. Kuno, monga mukudziwa, mwana timamuyesa ndi liwiro. A Motoharu liwiro anali nalo, moti pofika zaka khumi ndi zisanu anali atasiya m'mbuyo anyamata onse a chigawo chino. Malemu analibe nazo ntchito zothamanga. Anzawo akaloza kutsidya, iwo ankatsalira pafupi ndi gombe n'kumazungulira pamalo amodzi, mwendo umodzi uli m'mwamba, mwina chobwerera m'mbuyo. Bambo awo ankapukusa mutu n'kumati, "Mwana uyu ndamusulira chitsulo chabwinobwino, iye akungobowola nacho nyanja."

M'nyumba imeneyo munali mwambo umodzi umene ndikupempha kuti muusunge m'mutu. Nsapato iliyonse ya pa ayezi imene yasiyidwa pa sitepe ya pakhomo inkapezeka m'mawa itanoledwa. Sankafunsa mwini wake ndipo wonolayo sankalengeza. Poyamba ankanola ndi a Rinzo, ndipo kuyambira 1955 ntchitoyo inali ya a Motoharu.

Sukulu ya pulayimale anayamba mu Epulo 1952. Mu Januwale 1959, Mayi Ukai, mphunzitsi wa zovina pa ayezi wochokera ku Nagoya, anabwera kudzacheza kwa abale awo kuno ndipo anaona mtsikana akujambula mizere yozungulira pa nyanja. Anaima pomwepo ola lathunthu, kenaka anamutsatira mpaka kwawo kukapempha kuti apite naye ku Nagoya akamuphunzitse. A Rinzo anakana. Ankati chipala chikufuna manja, ndipo ngati mwana wamwamuna azingoyendera mipikisano, wamkazi akhale pakhomo. Amene anathetsa nkhaniyo ndi a Motoharu, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anapachika nsapato zawo zothamangira pa msomali n'kunena kuti, "Bambo, ine ndilowa m'chipala. Toyo apite." Malemu ananyamuka pa 2 Epulo 1959, kukakhala kwa azakhali awo ku Nagoya, ndipo sekondale anamalizira komweko mu 1964.

Kwa achinyamata amene mwangoona zolumphalumpha za pa kanema, mpikisano wa masiku amenewo unali ndi zigawo ziwiri. Tsiku loyamba munthu ankapatsidwa malo osalala osapondedwapo, n'kujambulapo ndi mwendo umodzi mizere yonga nambala 8, katatu, mzere uliwonse pamwamba pa unzake. Akamaliza, oweruza ankatsikira pa ayezi pomwepo n'kuwerama kuyang'ana ngati mizere itatuyo yasiyana. Tsiku lachiwiri ndiye kunali kuvina ndi nyimbo, kulumpha ndi kuzungulira, mphindi zinayi. Pa chigawo choyambacho malemu analibe mnzake. Anthu amene analipo amati oweruza ena ankachita kugwada, magalasi ali pamphuno, kufunafuna mzere wachiwiri osaupeza. Mu 1963 anakhala achiwiri pa mpikisano wa akatswiri a dziko lino. Mu 1965 anapambana, ndipo mu 1966 anapambananso. Zikho zonse ziwiri anazitumiza kuno, ndipo a Motoharu anazikhomera shelefu m'chipala, pamwamba pa mvukuto, pomwe zinadetsedwa ndi utsi mpaka mayi awo atazisamutsa.

Tsopano ndafika pa Januwale 1968. Chaka chimenecho mpikisano unachitikira pa bwalo la ayezi la kumapiri kuno, mtunda wa ola limodzi pa basi, ndipo awiri oyamba anali oti akaimire dziko kunja. Malemu anali ndi zaka 21, ndipo aliyense ankadziwa kuti mwayi wina wotero sudzawapeza akadali ndi miyendo. Pa 20 Januwale anajambula mizere yawo ndipo anatsogola. Anzawo onse anakagona ku nyumba ya alendo pamodzi ndi aphunzitsi. Malemu anapempha kukagona kwawo, chifukwa mayi awo anali ataphika ndipo anali asanaonane zaka ziwiri. Anali ndi nsapato za mitundu iwiri, zojambulira mizere ndi zovinira, ndipo zovinirazo anazitenga kuti zikaume bwino. Atafika anazivula m'chikwama n'kuziika pa sitepe ya pakhomo, monga ankachitira ali mwana.

Mpeni wa nsapato yothamangira, umene tonse kuno tinakulira, umanoledwa kunsi kwake kukhala kosalala, kopanda chokumbika chilichonse. Mpeni wa nsapato yovinira uli ndi kangalande kakang'ono pakati, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, kotero kuti m'mbali mwake mumatsala misonga iwiri yoluma ayezi. Munthu akalumpha amatera pa msonga umodzi, ndipo ndi umenewo umamugwira. Lero izi akudziwa ngakhale mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mu 1968, m'chipala cha ku Suwa, panalibe amene anaonapo mpeni wotero chapafupi.

Pa 21 Januwale a Motoharu anadzuka 5 koloko m'mawa, anapeza nsapato pa sitepe, n'kuzitembenuza. Akazi awo, Mayi Kikue, amene ali muno, amakumbukira kuti anawaitana ku khitchini n'kuwauza kuti, "Taona, Kikue, anthu a ku Nagoya aja akumudyera mwana masuku pamutu. Mpeni wachita kukumbika pakati chonchi, iwo osaona? Ndiye akapambana bwanji ndi zakutha?" Anatenga mwala wawo wabwino koposa, umene sankabwereketsa munthu, ndipo ananola maola awiri mpaka kangalande konse katatha pa mipeni yonse iwiri. Anabwezeretsa zophimba zake, anaika nsapato pomwe anazipeza, ndipo sananene kanthu, chifukwa m'nyumba imeneyo ntchito sankailengeza.

Malemu anadziwa pa mphindi zisanu ndi imodzi zimene ovina amapatsidwa zotenthetsa thupi. Anangokhota koyamba, mwendo n'kuthawa. Amene anali pafupi amati anaima m'mbali, anakweza phazi, anayendetsa chala pa mpeni, n'kulibwezera pansi. Nsapato zojambulira mizere sizilumphika, za munthu wina sizikwana, ndipo wonola wodziwa anali ku Nagoya. Dzina lawo litaitanidwa analowa. Anagwa katatu pa mphindi zinayi, kachitatu anang'amba chibwano, koma nyimbo anaimaliza ndipo anawerama kwa oweruza magazi akudontha. Anathera pa nambala 5.

M'kanjira ka kuseri kwa bwalo munali anthu pafupifupi makumi atatu, ovina, makolo ndi atolankhani. Mayi Ukai anavula nsapato imodzi ku phazi la malemu, anayendetsa chikhadabo pa mpeni, n'kukuwa kuti, "Ndani wapha mipeni iyi?" A Motoharu anali atangofika ndi botolo la tiyi wotentha. Anayankha mosabisa, poti sankadziwa kuti pali chobisa: "Ndanola ndine, aphunzitsi. Inali itakumbika pakati, ndaiwongola." Pamenepo malemu, atagwira kansalu pachibwano, ananena mawu amene atisonkhanitsa ndi zitseko zotsegula lero: "Achimwene, manja anuwo asadzakhudzenso chinthu changa mpaka kufa." A Motoharu anawerama, anati, "Ndamva," anaika botolo lija pansi m'malo mowapatsira m'manja, n'kutuluka.

Kwa atolankhani amene analemba nkhaniyo malemu anati anagwidwa ndi mantha, ndipo anawapempha kuti za mipeni asalembe. Sanalembedi. Mu Malichi 1968 analengeza kuti asiya mipikisano, ndipo chaka chotsatira anabwerera kuno ku Suwa.

Pa 14 Novembala 1971 anakwatiwa ndi akulu anga, a Norio Kamijo, amene ankagwira ntchito ku fakitale ya mawotchi. Akulu angawo sanapondepo pa ayezi moyo wawo wonse, ndipo ankati m'banja mukwanira munthu mmodzi wogwa. Pa phwando la ukwati a Motoharu anabwera, anakhala pa malo awo, koma mkwatibwi atafika pa iwo ndi botolo kuti awathirire chakumwa, anavundikira kapu yawo ndi dzanja. Mwana wawo woyamba, Sachie, anabadwa pa 3 Juni 1973, Wataru pa 27 Okutobala 1976. Amalume awo anabwera kudzawaona onse awiri, anawayang'ana nthawi yaitali manja ali kumbuyo, ndipo sanawanyamule. Mu 1984 a Rinzo anamwalira. Pa nthawi yotola mafupa mtembo utawotchedwa, pamene ana awiri amayenera kunyamula fupa limodzi la kholo lawo ndi timitengo, a Motoharu anabwerera m'mbuyo n'kukankhira akazi awo kutsogolo. Mu 1995, pa maliro a mayi awo, anachitanso chimodzimodzi.

Mbiri ya maliro imakonda kuyeretsa mwini wake, koma alamu angawa sakanakondwa nditawanamizira. Iwo ankadziwa kuti mawu amodzi okha akanathetsa zonsezi, ndipo sanawanene. M'malo mwake ankatumiza zinthu kwa achimwene awo. Chaka chilichonse kunkapita bokosi la maapulo, khadi la chaka chatsopano, nthawi zina juzi yoluka okha. Zonse ankatsegula ndi Mayi Kikue, ndipo khadi ankachita kuwawerengera amuna awo. Akulu anga ankati, "Toyo, bwanji osangopita kukanena?" Malemu ankayankha kuti, "Ngati ali ndi maso aone maapulowo. Munthu wamkulu ngati uja mpaka ndichite kumutafunira?" Kumbali inayo a Motoharu ankauza akazi awo kuti, "Apulo si mawu." Kuchokera pa nyumba ya malemu kukafika ku chipala ndi mphindi 18 wapansi. Ndinayendapo dala ndi wotchi m'manja, ndipo ndinawauza onse awiri, koma palibe amene anandithokoza. Amati chibale ndi fupa sichiola, ndipo n'zoona sichinaole, koma awiriwa anauma mitu mofanana ndipo zinatipweteka tonse.

Ntchito yophunzitsa anaiyamba mu 1972 pa bwalo la tauni ino, ndipo anaigwira zaka 44. M'mabuku awo muli maina a ana 611. Asanu ndi awiri anafika pa mipikisano ya dziko, ndipo ambiri mwa otsalawo ndi inu mwadzaza kumbuyoko, ena ndi imvi kale. Mu 1981 anavomerezedwa kukhala woweruza, ndipo ankadziwika kuti ndi woumira pa malikisi. Mu 1990, pamene chigawo chojambula mizere chinachotsedwa m'mipikisano, iwo sanachichotse m'kalasi mwawo. Mwana aliyense ankayamba ndi theka la ola la nambala 8 asanaloledwe kunyamuka pansi. Makolo akadandaula kuti ana a kwina akulumpha kale, malemu ankati, "Kulumpha ngakhale chule amalumpha. Ndikufuna ndione potera." Mipeni yawo anaphunzira kunola okha, ndipo kuyambira 1968 palibe munthu wina aliyense, ngakhale amuna awo, amene anaigwirapo.

Pali china chimene ophunzira awo mukuchidziwa koma mwina simunachilumikize. Mu 1974 a Motoharu anatseka chipala masabata atatu, anapita ku Nagoya, n'kukakhala pansi pa mapazi a wonola mipeni yovinira, munthu wocheperapo kwa iwo ndi zaka zingapo. Atabwera anaika gudumu lonolera pakona, ndipo kwa zaka zoposa makumi anayi mipeni ya ana ovina a chigawo chino inkadutsa m'manja mwawo. Amene ankatumiza anawo ndi malemu. Sankatchula dzina, ankangoti, "Pita nazo kwa mkulu wa kuchipala uja." Mwana akabwera nazo, ankayendetsa chikhadabo pa mpeni n'kunena kuti, "Zili bwino." Ine ndinaona zimenezi kambirimbiri, ndipo sindinawamvepo akubweza nsapato ngakhale imodzi.

Akulu anga a Norio anamwalira pa 8 Meyi 2011. Malemu anapuma pa ntchito mu 2016, ndipo komaliza kuponda pa ayezi kunali mu Febuluwale 2019, ali ndi zaka 73.

Mu Epulo 2023 anapezeka ndi khansa ya m'mimba. Anachitidwa opaleshoni mu Juni chaka chomwecho ndipo anapezako bwino kwa chaka chimodzi. Pa 30 Okutobala 2024 anagonekedwanso m'chipatala. Ali komweko anatuma Sachie kuti akatenge kabokosi ka pamwamba pa kabati ya zofunda. M'menemo munali nsapato zija za 1968, mipeni yake ili monga inanoledwera m'mawa uja. Anati akufuna apite nazo. Sachie anawakumbutsa kuti ku ng'anjo yowotchera mitembo salola chitsulo m'bokosi, chikopa chokha ndiye chingapse. Malemu anati, "Ndiye mipeniyo amasule achimwene." Sachie anati, "Amayi, mukudziwa kuti amalume sangakhudze." Malemu anatembenukira kukhoma.

Pa 21 Novembala, 3 koloko masana, anaitana Sachie ndi ine, n'kundiuza kuti ndilembe. Ndinalemba kuseri kwa pepala la mankhwala, ndipo tsiku lotsatira ndinapita nalo ku chipala. A Motoharu sanalole kuti ndiliwerenge. Anati, "A Yasuo, mawu aja anandiuza pamaso pa anthu makumi atatu. Inu mukufuna muwabweze pakhonde panga muli nokhanokha? Ndipita mawa ndikamve pakamwa pake." Anametetsa tsitsi madzulo omwewo, ndipo m'mawa wa pa 23 Novembala anavala suti n'kukwera basi yofika ku chipatala 9:10. Malemu anali atatisiya 6:40. Anali ndi zaka 78.

Malemu asiya ana awiri, Sachie ndi Wataru, apongozi awiri, zidzukulu zinayi, Riko, Haruto, Nanami ndi Sota, ndi mdzukulutuvi mmodzi wobadwa mu Ogasiti amene anamunyamulako kamodzi. Asiyanso achimwene awo, a Motoharu Miyasaka, a zaka 83, ndi alamu awo Mayi Kikue.

Banja likuthokoza ansembe a kachisi uno chifukwa cha mapemphero ndi dzina latsopano limene apatsa malemu monga mwa mwambo wathu. Likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anapirira wodwala wokonda kuwapatsa malikisi. Likuthokoza anansi amene akhala akulandira alendo kuyambira dzana, ophunzira akale amene ena ayenda kuchokera ku Sapporo ndi ku Fukuoka, ndi nonse amene mwafukiza lubani. Mwapadera likuthokoza Mayi Kikue, amene kwa zaka 56 akhala akuyenda pakati pa nyumba ziwiri ndi katundu wa anthu awiri osayankhulana, ndipo sanadandaulepo pamaso pathu.

Tsopano muno muli anthu oposa makumi atatu. Ndawerenga m'buku la pakhomo, mulipo 212, ndipo ena mwa inu munali m'kanjira kaja. A Motoharu, ndikweza mawu kuti mumve. Awa si anga, ndi a mlongo wanu, ndipo ndiwerenga monga anawanenera:

"Achimwene, ndabweza mawu anga. Tsiku lija munadzuka m'mamawa chifukwa cha ine, ndipo ine sindinathokoze. Zikomo. Ndinachedwa chifukwa cha manyazi, osati mkwiyo. Mipeniyo masulani, ndi yanu. Nsapatozo mundiveke nokha ndi manja anu."

Pepala lathera pamenepo.

Amene muli pakhomo, apatseni njira. Alekeni avule nsapato zawo bwinobwino, musawathamangitse, ndipo musawagwire mkono, ayenda okha. Wataru, sendera uko. Sachie, chomasulira misomali wanyamulacho usaike pa bokosi, uwapatsire m'manja amalume ako. Ansembe atilole tidikire pang'ono, chifukwa misomali ya mipeniyo yachita dzimbiri.

Mzimu wa Mayi Toyoko Kamijo uuse mumtendere.